Cape Town: zimene maso amaona ukaima pamwamba pa doko

Nthawi ikakwana 12 koloko masana mu mzinda wa Cape Town, mzinga umalira kamodzi kuchokera pa phiri la Signal Hill. Eni mzinda sacheuka n'komwe, ena amangosuzumira wotchi ya pamkono. Wodzidzimuka amakhala mlendo, pamodzi ndi nkhunda za m'misewu zimene zimabalalika ngati sizinaumvepo. Mwambowu unayamba mu 1806, ndipo umachitika tsiku lililonse kupatula Lamulungu ndi masiku a tchuthi.

Amene wakwera msanga n'kufika pamalo otchedwa Lion Battery, pomwe mizingayi yakhala kuyambira 1902, amaonera zonse ali pafupi. Mizinga ilipo iwiri, yachitsulo chakuda bii, yosulidwa ku England mu 1794. Msilikali wa gulu lankhondo la pamadzi amatenga kathumba ka onga kolemera kilogalamu imodzi ndi theka, amakaika kukamwa kwa mzinga, n'kukakankhira mkati ndi ndodo yaitali. Amatero ndi yonse iwiri, kuti wina ukakana, winawo ulire. Akatero amakweza mbendera yofiira n'kuuza oonerera kuti asendere kumbuyo ndi kutseka makutu. Iye sayatsa moto ayi. Chimene chimaombetsa mzinga ndi uthenga wamagetsi wochokera kumalo ofufuzira nyenyezi a South African Astronomical Observatory, komwe amasunga nthawi yeniyeni. Ukalira, nthaka imanjenjemera pansi pa mapazi, utsi woyera umatuluka n'kuyandama, ndipo fungo la onga limakanirira m'malaya.

Kale chofunika chinali utsiwo. Woyendetsa chombo ankadziwa pamene wafika pakati pa nyanja yamchere poyerekeza dzuwa ndi wotchi yake, ndipo wotchiyo ikangolakwa pang'ono, chombo chinkatha kukagunda matanthwe amene iye ankaganiza kuti akadali kutali. N'chifukwa chake oyendetsa zombo zoima padoko ankaloza magalasi awo oonera patali kumzinga, utsi ukangoti tulukiru iwo n'kukonza mawotchi. Sankadikira kulira kwake, poti phokoso limachedwa panjira.

Ndayambira pa mzingawu chifukwa umakumbutsa chinthu chimene zithunzi za pa Facebook zimabisa: Cape Town anabadwa chifukwa cha zombo. Misewu yake yakale, minda yake, mizikiti yake, ngakhale nkhope za anthu ake, zonse zinadzera padoko. Mzindawu uli ndi mwayi woti wazunguliridwa ndi mapiri omwe munthu angakwere n'kuuona wonse uli tayale pansi pake. Alendo miyandamiyanda amakwera, amajambula, amatsika. Ine ndimaona kuti ambiri amatsika asanaone kanthu, chifukwa kukongola kwa malowa kumathobwa m'maso. Koma amene wakwera akudziwa choyang'ana, phiri lililonse limamuonetsa amene anamanga mzindawu, amene anadya thukuta lawo, ndi kumene omangawo anakatayidwa. Ndipo pena ndi pena m'mbiri imeneyo amakumana ndi abale ake.

Pamwamba penipeni pa Signal Hill, mamita 350 kuchokera pa madzi, pamafika msewu wa tala, ndipo kuimapo salipiritsa. Ukayang'ana kumpoto, pansi pako pali bwalo lozungulira la mpira lomwe anamangira mpikisano wa dziko lonse wa 2010. Kudzanja lamanja kwake kuli doko: makireni atakweza makosi awo, makontena atasanjikizana amitundumitundu, timaboti tokoka sitima tikutuluka ndi kulowa. Patali pakati pa madzi pali chilumba cha Robben, chafulati, chooneka ngati chingamire mafunde atakula. Ukatembenuka, mzinda wakale uli m'chigwa, mapiri atautchinga mbali zitatu, Table Mountain itaima kumbuyo kwake ngati khoma.

Yang'anani bwino pakati pa nyumba zosanjazo, mudzaona linga la makona asanu. Limenelo ndi Castle of Good Hope, lomangidwa ndi Adatchi pakati pa 1666 ndi 1679. Lero lili mkati mwa mzinda, pafupi ndi siteshoni ya sitima zapamtunda, koma pomangidwa linali m'mphepete mwa nyanja, moti chipata chake choyamba anachisuntha chifukwa mafunde ankachivutitsa. Msewu wa Strand Street ndiwo unali gombe. Dera lonse la nyumba zazitali za mabanki ndi mahotela, kuchokera cha kusiteshoni kukafika kudoko, linali madzi okhaokha mpaka pamene analikwirira ndi mchenga ndi miyala pomanga Duncan Dock, ntchito imene inatha mu 1945. Mzinda unapeza malo, koma unataya gombe lake. Amene akuyenda pansi sangazidziwe zimenezi. Zimaonekera pamwamba, pomwe misewu yopapatiza yakale imathera mwadzidzidzi n'kuyamba ina yotakata.

Kamzere kobiriwira kodutsa pakati pa mzinda ndi Company's Garden, ndipo ndi pomwe panayambira nkhani yonse. Zombo za kampani ya Adatchi ya VOC zinkatenga miyezi yambiri kuchoka ku Netherlands kupita ku Java, ndipo amalinyero ankafa ndi matenda otupitsa nkhama chifukwa chosowa ndiwo zamasamba ndi zipatso. Pa 6 Epulo 1652 Jan van Riebeeck anafika ndi lamulo loti alime dimba, atunge madzi a timitsinje totsika m'phiri, ndipo agule ng'ombe ndi nkhosa kwa eni dziko. Eni dzikowo anali Akhoe, abusa amene ankabwera ndi ziweto zawo m'chigwachi nyengo ya msipu. Sanali anthu ogonja msanga. Kale mu 1510 anali atapha Francisco de Almeida, nduna yaikulu ya Apwitikizi ku India, pamodzi ndi asilikali ake oposa 60, atayesa kuwalanda ng'ombe pafupi ndi mtsinje wa Salt River. Koma dimba la Van Riebeeck linakula kukhala minda, mindayo inadya msipu, ndipo pofika 1659 nkhondo inabuka. Chimene mfuti zinasiya, nthomba inadzamaliza mu 1713. Matendawa anatsika m'chombo ndi zovala zakuda zimene anazipereka kwa akapolo a kampani kuti azichape.

Akapolo. Mawuwa samveka kawirikawiri m'mabasi ofiira oyendetsa alendo, koma popanda iwo kulibe Cape Town. Oyamba ambiri anafika mu 1658, ndipo pofika 1808, pamene malonda ogula anthu kunja analetsedwa, anthu pafupifupi 63,000 anali atatsitsidwa padokoli kuchokera ku India, ku zilumba za Indonesia, ku Madagascar ndi kugombe la Mozambique. Ndiwo ankapalasa mabwato onyamula katundu kuchokera m'zombo, kusenza migolo ya madzi, kuswa miyala, kutema nkhuni m'phiri, kulima mphesa. Nyumba imene kampani inkawatsekeramo usiku, Slave Lodge ya mu 1679, ikadalipo kumapeto kwa Adderley Street, ndipo tsopano ndi yosungiramo mbiri yawo. Ukapolo unathetsedwa pa 1 Disembala 1834, koma omasulidwawo anakakamizidwa kugwirabe ntchito kwa ambuye awo zaka zina zinayi.

Potsika Signal Hill ndi bwino kudzera ku Bo-Kaap, dera la m'mbali mwa phiri lomwe zidzukulu za ena mwa anthu amenewa zikukhalabe. Misewu yake ndi yoyala miyala ndipo ndi yotsetsereka moti mawondo amadandaula. Nyumba zake n'zopaka utoto wowala, iyi yachikasu, iyo yobiriwira, inayo yofiirira, ndipo alendo amapanikizana pamakomo a eni ake kujambulitsa. Ndi bwino kukumbukira kuti mmenemo ndi m'nyumba za anthu, muli agogo akupumula ndi ana akulemba ntchito ya kusukulu. Moni amatsogola, kamera pambuyo. Mu Dorp Street muli mzikiti wa Auwal wa mu 1794, woyamba m'dziko lonse la South Africa. Imamu wake woyamba, Tuan Guru, anali mwana wa banja lachifumu la ku Tidore amene Adatchi anamutsekera pa chilumba cha Robben, ndipo ali komweko analemba Korani yonse kuchokera pamtima. Manda ake ali ku Tana Baru, chakumtunda kwa nyumbazi, pamalo amenenso amaonetsa doko bwino kwambiri. Ukadutsa Lamulungu m'mawa, fungo la koesister limakupeza pamsewu: timitanda tokazinga tothira sinamoni ndi jinja, toviika m'madzi a shuga n'kugubuduza mu kokonati. Amadya totentha, ndi khofi.

Signal Hill ndi Lion's Head n'zolumikizana, koma Lion's Head safikako pagalimoto. Nsonga yake ili pa mamita 669, ndipo njira yake imazungulira phirilo pokwera, kotero kuti mphindi zingapo zilizonse maso amalandira china: uku mzinda, uku Table Mountain, uku nyanja. Chakumapeto kuli makwerero achitsulo ndi maunyolo ogwirira pathanthwe, ngakhale ilipo njira ina yolambalala ya amene ali ndi chizungulire. Munthu wamphamvu zake amafika pamwamba pa ola limodzi ndi theka. Mwezi ukakhala wathunthu anthu amakwera ambiri madzulo, atamanga matochi pamphumi, kukaona dzuwa likulowa m'nyanja kwinaku mwezi ukutuluka kumapiri a kum'mawa.

Kumadzulo, pansi penipeni, kuli magombe anayi a Clifton. Mchenga wake ndi woyera mbee, madzi obiriwira, ndipo nyumba zomatirira kuphiri kumeneko zili m'gulu la zodula kwambiri mu Africa muno. Pamenepa ndimapempha mlendo wochokera kwathu kuti asafulumire kujambula. Pa 3 Disembala 1794 chombo cha Apwitikizi chotchedwa São José Paquete d'Africa chinanyamuka pa chilumba cha Mozambique chitanyamula anthu oposa 500 m'mimba mwake, ulendo wa ku Maranhão, ku Brazil. Pa 27 Disembala usiku mphepo inachikankhira pa matanthwe a pa Clifton, pafupi kwambiri ndi gombe. Woyendetsa ndi amalinyero ake onse anapulumuka. Mwa ogwidwawo, 212 anamira. Otsalawo sanawapatse ufulu chifukwa chopulumuka. Anawagulitsa mumzinda momwemo. Zotsalira za chombocho zinalengezedwa mu 2015, ofufuza atapeza pansi pa madzi zitsulo zimene ankaika m'zombo za akapolo kuti zilemere mokwanira, poti katundu wa anthu amoyo ndi wopepuka ndipo amasuntha. Ofufuzawo amati ambiri mwa anthuwo anali ochokera m'madera a Amakua, omwe ndi abale a Alomwe a ku Thyolo, Mulanje ndi Phalombe. Mayina awo palibe anawalemba. Anthu amasamba pamwamba pa manda awo chilimwe chilichonse, ndipo sindiwaimba mlandu osambawo, koma ndimafuna kuti wina aziima pa Lion's Head n'kuwakumbukira.

Kukwera Table Mountain kumafuna chilolezo cha mphepo. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi kumaomba mphepo yamphamvu ya kum'mwera chakum'mawa. Msodzi wa ku Nkhotakota akanangoitcha mwera, kusiyana kwake n'kwakuti uyu amabwera nyengo yotentha. Imanyamula chinyezi cha ku False Bay, imachikweza paphiri, chinyezicho n'kusanduka mtambo woyera umene umayala pamwamba ponse n'kumasefukira kumaphompho, koma osafika pansi. Uli mumzinda n'zokongola zedi. Uli pamwamba ndi nkhungu yozizira imene imabisa njira ndi phompho lomwe. Mphepo yomweyo imakankhira madzi ofunda kutali ndi gombe, ozizira a pansi n'kukwera, n'chifukwa chake nyanja ya ku Clifton imaluma mapazi pakati pa Januwale. Ikakula, chikepe chokwezera anthu chimatsekedwa tsiku lonse. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha: amene wapatsa phirili tsiku limodzi lokha pa ulendo wake akhoza kubwerera osaliponda. Mukadzuka m'mawa n'kuliona lili poyera, siyani zina zonse, pitani.

Chikepecho chinayamba kuyenda pa 4 Okutobala 1929. Zimene zilipo lero anaziika mu 1997. Chilichonse chimanyamula anthu 65, chimatenga mphindi pafupifupi zisanu, ndipo pansi pake pamazungulira pang'onopang'ono kuti aliyense aone mbali zonse popanda kukankhana. Tikiti yake si yotchipa. Koma mapazi salipira. Njira ya Platteklip Gorge, mpata waukulu umene umaoneka pakati pa phiri uli mumzinda, ndi masitepe amiyala okhaokha, maola awiri kapena atatu, mthunzi wochepa. Akuti ndi yomwe anadzera Mpwitikizi António de Saldanha mu 1503, pofuna kudziwa pamene chombo chake chasochera. M'munsi mwake mumayenda kamtsinje komwe akazi akapolo, ndipo pambuyo pake ana awo omasulidwa, ankachapira zovala za mzinda wonse pa matanthwe. Tengani madzi okwanira, chipewa ndi juzi ngakhale kutatentha bwanji, nyamukani m'mamawa, ndipo musayende nokha. Achifwamba amawadziwa mathengo amenewa, ndipo nyengo imatembenuka mosapereka moni.

Pamwamba m'posalala modabwitsa, makilomita pafupifupi atatu kuchokera mbali ina kufika ina. Zomera zake n'zachilendo kwa ife: tizitsamba taminga, tamasamba olimba, maluwa a protea, zonse pamodzi amazitcha fynbos. Zimamera panthaka yamchenga yopanda chonde, ndipo zambiri mbewu zake zimadikira moto kuti zimere. Mitundu ina sipezeka kwina kulikonse padziko lapansi, n'chifukwa chake UNESCO inaika dera la zomerazi pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2004. Pamatanthwe a pafupi ndi chikepe pamakhala mbira zonenepa zikuothera dzuwa, zopanda mantha mpang'ono pomwe. Musazipatse chakudya, zimaluma.

Ambiri amathera pamenepo, pomwe pali malo odyera ndi khoma lotsamira pojambula gombe la Camps Bay. Ndikulimbikitsa kuyenda ola lina kulowera kum'mawa mpaka pa mulu wa miyala wotchedwa Maclear's Beacon, nsonga yeniyeni ya phirili, mamita 1,086. Dzinalo si lachilendo kwa Mmalawi. Thomas Maclear anali katswiri wa nyenyezi amene anatsogolera malo ofufuzira aja, omwe amaombetsa mzinga, kwa zaka zoposa 30, ndipo muluwo unaunjikidwa pa ntchito yake yoyeza dziko. Iyeyu ndi amene anaphunzitsa David Livingstone kupeza malo poyeza nyenyezi, ndipo Livingstone ankamutumizira ziwerengero za maulendo ake kuti aziunike. Atafika pa ndomo ya ku Chembe, ku Mangochi, anaipatsa dzina la mnzakeyo. Cape Maclear ya kwathu ndi mulu wa miyalawu n'za munthu mmodzi.

Koma chondiyendetsa ola limenelo si dzina lokha. Kumeneko ndi kumene kumaonekera Cape Town wina, amene mapositikhadi samuonetsa. Kum'mawa kwa phiri dziko limagwa n'kukhala chidikha chamchenga chotambalala mpaka kumapiri a Hottentots Holland. Ndi Cape Flats. Malata amanyezimira mpaka pomwe maso alekezera: Langa, yomwe inatsegulidwa mu 1927, Nyanga, Gugulethu, Manenberg, Mitchells Plain, ndi Khayelitsha ya mu 1983. Unyinji wa anthu a mzindawu umakhala kumeneko, kumene mphepo imathira mchenga m'maso chilimwe ndipo madzi amalowa m'nyumba dzinja la kumeneko likafika mu Juni ndi Julayi.

Sanapiteko mwa kufuna kwawo. Pobwerera m'mphepete mwa phompho loyang'ana mzinda, taonani m'munsi mwa phiri la Devil's Peak. Pakati pa nyumba zothithikana pali chipululu cha udzu, mwina muli tchalitchi apa, mzikiti apo, nyumba za sukulu yaukachenjede ndi zina zochepa zatsopano. Pamenepo panali District Six, dera la anthu ogwira ntchito padoko, osoka zovala, oimba, ogulitsa nsomba, Asilamu, Akhristu ndi Ayuda khomo ndi khomo. Pa 11 Febuluwale 1966 boma la tsankho linalengeza kuti ndi dera la azungu okha. Anthu oposa 60,000 anasamutsidwa, nyumba zawo n'kugumulidwa ndi mathirakitala, kupatula nyumba zopemphereramo. Amene ankapita kuntchito wapansi anayamba kulawirira mbandakucha kukakwera sitima. Pa 11 Febuluwale 1990, zaka 24 ndendende chichitikireni zimenezo, Nelson Mandela anaima pakhonde la City Hall, mtunda wochepa kuchokera pa mabwinjawo, n'kulankhula kwa khamu la pa bwalo la Grand Parade atangotuluka m'ndende. Malamulo anasintha. Koma ukaima paphiri umaona ndi maso ako kuti mzinda ukadali momwe anauyalira: kufupi ndi phiri ndi nyanja kuli mitengo ndi maiwe osambira, kutali kuli malata. Mabanja ambiri a District Six akudikirabe kubwerera, ndipo okalamba akutha asanalandire makiyi.

Za chilumba cha Robben zalembedwa zambiri, sindichulutsa. Boti limanyamukira pa Nelson Mandela Gateway, pafupi ndi nsanja yofiira ya wotchi ya mu 1882, ndipo nalonso limamvera mphepo. Mandela anakhalako zaka 18, kuyambira 1964 mpaka 1982. Womenyera ufulu wina, Robert Sobukwe, anamusunga payekha m'kanyumba kosiyana ndi anzake. Ndipo kalekale mtsogoleri wa Akhoe, Autshumato, anathawako pa bwato mu 1659. Chimene ndingawonjeze n'chakuti Table Mountain imaoneka bwino koposa uli pa chilumbapo, yathunthu, Devil's Peak uku, Lion's Head uko. Akaidi ankaiona choncho tsiku ndi tsiku popita kukaswa miyala ya laimu. Amene sangakwanitse tikiti ya boti akhoza kukwera basi ya MyCiTi kupita ku Bloubergstrand, kumene phirili limaoneka chimodzimodzi uli pamchenga.

Mlendo wochokera ku Lilongwe kapena ku Chipata sachedwa kumva chilankhulo chake mumzindawu. Amachimva kwa wothira mafuta pa filing'i siteshoni, kwa woperekera zakudya ku Sea Point, kwa mnyamata wometa kapinga ku Constantia amene akuyankha foni ya kumudzi: ee mayi, ndatumiza dzulo. Ambiri anadzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, atafika ku Joni n'kupitirira makilomita ena 1,400. Amakhala ku Dunoon, ku Capricorn, ku Masiphumelele, ku Imizamo Yethu pamwamba pa Hout Bay. Phiri amaliona tsiku lililonse pawindo la minibasi, koma si ambiri amene analikwerapo. Tsiku lopuma ndi limodzi, ndipo limathera kutchalitchi kapena kumzikiti, kuchapa, ndi pamzere wotumizira ndalama. Ena amaona ngati malo amenewa ndi a azungu ndi alendo a madola. Zimandipweteka, chifukwa Signal Hill, Lion's Head ndi Platteklip n'zaulere, ndipo munthu amene manja ake akusamala minda ya mzindawu ali ndi ufulu wonse wouona uli pansi pa mapazi ake. Achimwene ndi achemwali amenewa sali oyamba. Alipo wa kwathu amene anagwedeza doko limeneli zaka zoposa 100 zapitazo, ndipo kuti timupeze tiyenera kutsika.

Kwa zaka 200 zoyambirira, doko la Table Bay linalibe chotchinga. Nyengo yozizira mphepo imatembenuka n'kuchokera kumpoto chakumadzulo, molunjika m'kamwa mwa doko, ndipo zombo zinkaduka zingwe za anangula n'kukaswekera kumtunda anthu akuonerera. Namondwe wa mu 1858 atawononga zombo zoposa 30, kampani ya inshulansi ya Lloyd's ya ku London inakana kuteteza zombo zogona kumeneko nyengo imeneyo. Apa m'pamene boma linadzidzimuka. Pa 17 Sepitembala 1860 Prince Alfred, mwana wa Mfumukazi Victoria, anakhuthula ngolo yoyamba ya miyala ya khoma lotchinga mafunde. Ngolo zotsatira anakhuthula ndi akaidi, mazanamazana, amene anawamangira ndende yawoyawo pafupi, Breakwater Prison. Chigawo cha doko cha Alfred chinatsegulidwa mu 1870, cha Victoria chinamalizidwa mu 1905, golide ndi dayamondi zitachulukitsa zombo. Mliri wa makoswe utabuka mu 1901, anthu akuda, ambiri a iwo ogwira ntchito padoko, ndiwo anakusidwa ndi asilikali kupita kumsasa wa Ndabeni, chiyambi cha malokeshoni a mzindawu.

Kuyambira 1988 zigawo zakalezo zinasanduka V&A Waterfront, malo a masitolo, mahotela ndi nyimbo. Nkhokwe yaitali ya chimanga ya m'ma 1920 anaiboola mkati mwaluso n'kukhala Zeitz MOCAA, nyumba ya zaluso za Africa imene inatsegulidwa mu 2017. Chimene ndimakondera malowa n'chakuti doko silinafe. Uli pakhonde la lesitilanti umaona maboti a asodzi akutsitsa nsomba, sitima itakwezedwa pouma anthu akuipala dzimbiri, mlatho ukutseguka kuti boti lidutse, ndi nyama zija za seal zitagona pamatabwa zikununkha nsomba. Kumapeto kwa 2023, zigawenga zitayamba kuombera sitima pa Red Sea, zombo zikuluzikulu zambiri zinasiya njira ya Suez n'kubwerera ku njira yakale yozungulira Cape, monga zinachitira ngalandeyo itatsekedwa pakati pa 1967 ndi 1975.

M'misewu ya kufupi ndi doko limeneli munafika mnyamata wina mu 1918. Dzina lake Clements Kadalie, Mtonga wa ku Chifira, pafupi ndi Bandawe, m'boma la Nkhata Bay. Anabadwa cha m'ma 1896, anaphunzira uphunzitsi ku Livingstonia, ndipo mu 1915 anachoka kwawo kukasaka ntchito, kudzera ku Mozambique ndi ku Southern Rhodesia. Iye mwini analemba m'buku la moyo wake kuti tsiku lina wapolisi wachizungu anamukankha kumuchotsa m'mbali mwa msewu, ndipo mzungu wina wandale za ogwira ntchito, A. F. Batty, ataona zimenezo anayamba kucheza naye. Mu Januwale 1919 awiriwa anaitanitsa msonkhano, ndipo anthu 24, ambiri a iwo onyamula katundu padoko, anayambitsa bungwe la Industrial and Commercial Workers' Union, ICU. Kadalie anakhala mlembi wake.

Chaka chisanathe, mu Disembala 1919, anthu pafupifupi 2,000 ananyanyala ntchito padoko kwa milungu iwiri. Madandaulo anali awiri: malipiro amene sanakwere chiyambire nkhondo pamene mitengo ya zinthu inali itauluka, ndi chakudya chimene ankauzidwa kukweza m'sitima kupita kunja pamene mabanja awo ankagona ndi njala. Makireni anaima, katundu anaunjikana, boma linatumiza asilikali. Sitirakayo inatha popanda chipambano choonekeratu, koma chaka chotsatira makampani otsitsa katundu anakweza malipiro. Akuluakulu a boma ataona kuti gwero la zonsezi ndi mlendo wa ku Nyasaland, anamulembera chikalata chomuthamangitsa m'dzikomo kumapeto kwa 1920. Maloya ndi omutsatira analimbana nacho mpaka chinafafanizidwa.

Kadalie ankalankhula pamisonkhano m'Chingerezi, ena n'kumamasulira, poti zilankhulo za kumeneko sankazidziwa bwino. Komabe bungwe lake linafalikira kuchoka padoko kupita m'mafakitale, m'matauni ang'onoang'ono mpaka m'mafamu a ku Natal, Free State ndi Transvaal. Pofika 1927 linkawerengera mamembala pafupifupi 100,000, kuposa bungwe lina lililonse la anthu akuda m'dzikomo nthawi imeneyo, ANC yomwe, ndipo chaka chomwecho iye anapita ku Geneva ndi ku Britain kukalankhulira ogwira ntchito a ku South Africa. Mikangano ya atsogoleri, kusayenda bwino kwa ndalama ndi nkhanza za boma zinaligawanitsa zaka ziwiri zisanathe. Kadalie anasamukira ku East London, mzinda winanso wa doko, kumene mu 1930 anatsogolera sitiraka ina ya ogwira ntchito panjanji ndi padoko, n'kumangidwa. Anakhala kumeneko akuyendetsa nthambi yotsala ya ICU mpaka imfa yake mu Novembala 1951.